Wolanda katundu asamadyenso ndalama zake

Ku America kuli lamulo limene limandiwawa mtima. Apolisi akangokayikira kuti ndalama, galimoto kapena nyumba yako yakhudzidwa ndi upandu, amatha kulanda khoti lisanakupeze wolakwa. Wozengedwa mlandu ndi katunduyo, osati mwini wake. Ku Philadelphia mu 2014 banja lina linatulutsidwa m'nyumba mwawo chifukwa mwana wawo anagwidwa akugulitsa mankhwala ozunguza bongo a madola 40. Makolowo sanaimbidwe mlandu uliwonse.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'kumene ndalamazo zimapita. M'zigawo zambiri zimabwerera ku polisi ndi ku ofesi ya oimira boma pa milandu, omwe analanda aja, n'kumagulira magalimoto ndi zida. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, abale. Wapolisi amene akudziwa kuti bajeti ya ofesi yake ikudalira zolanda, maso ake sakhalanso pa chigawenga koma pa chikwama cha woyenda pamsewu.

Ku Missouri anayesa kutseka khomo limeneli: malamulo aakulu a chigawochi amati ndalama zotere zipite ku sukulu. Koma apolisi anapeza podutsira. Amapereka mlanduwo ku boma lalikulu la ku Washington, ndipo kudzera mu ndondomeko yogawana yomwe inabwera ndi lamulo la 1984, mpaka madola 80 pa 100 aliwonse amabwerera kwa iwo. Ana asukulu n'kutsala akunyambita milomo.

Ine ndili ndi a ku New Mexico, chigawo china cha ku America komweko. Mu 2015 anati munthu ayambe wapezeka wolakwa kukhoti, kenako ndalama zilowe m'thumba lalikulu la boma, momwe aphungu amakambirana poyera kagwiritsidwe ntchito kake. Anachepetsanso mpata wozembera ku Washington uja.

Sindikuti akuba asiyiridwe chuma, ayi. Kwathu kuno kulanda katundu wopezeka mwachinyengo n'kofunika zedi, ndipo lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limapereka mphamvuzo. Anzathu a ku Zambia mu 2022 anatenga K65 miliyoni (ndalama za kwawoko) yolandidwa n'kulipirira ophunzira a m'mayunivesite opitirira 2,000, aliyense akuona. Ndikufuna aphungu athu azifunsa chaka ndi chaka kuti zalandidwa zingati, kwa yani, ndipo zagula chiyani.