Ine ndili kumbali ya Haise

Amene simunamalize kuonera Tokyo Ghoul:re mundikhululukire, ndiulula zambiri.

Tikayamba kukambirana za anime (katuni ya ku Japan) ameneyu, anzanga ambiri amanena zofanana: ati zigawo zoyambirira za :re n'zotopetsa, iwo ankangodikira kuti Kaneki abwerere. Mawu amenewa amandiwawa. Kwa ine Haise Sasaki, dzina lomwe Kaneki anapatsidwa ataiwala zakale zake, ndiye mtima wa nkhani yonseyi, ndipo usiku umene Kaneki anabwerera, padafa munthu wabwino.

Kwa inu amene mwangomva dzina lokha: nkhani ya Tokyo Ghoul anailemba ndi kuijambula ngati manga (buku la nkhani ya zithunzi) ndi Sui Ishida wa ku Japan kuyambira mu 2011, ndipo kampani ya Pierrot inaisandutsa anime mu 2014. Mumzinda wa Tokyo muli ma ghoul, zolengedwa zooneka ngati anthu, zopita kusukulu ndi kuntchito ngati wina aliyense, koma chakudya chathuchi zikadya zimasanza. Mimba yawo imalandira nyama ya munthu, madzi ndi khofi basi. Ken Kaneki, mnyamata wa ku yunivesite wokonda mabuku, anaikidwa ziwalo za ghoul wamkazi dzina lake Rize atachita ngozi, ndipo anatsitsimuka ali theka munthu, theka ghoul. Ndikudziwa kuti kwathu kuno ukangotchula zodya anthu, maganizo amathamangira ku ufiti. Zoti si katuni ya ana, ndikuvomereza ndi mtima wonse, magazi alimo ambiri. Koma chimene chimandisowetsa tulo mu :re si magaziwo.

Nkhani ya :re, yomwe ikupitiriza ya Tokyo Ghoul, ikuyamba patadutsa zaka ziwiri chigwetsedwere Anteiku, kanyumba kogulitsira khofi komwe ma ghoul osafuna kupha ankabisalako. Kaneki wagonjetsedwa ndi Arima, katswiri wosaka ma ghoul, waiwala zonse. Bungwe la CCG, lomwe ntchito yake ndi kusaka ma ghoul, lamupatsa dzina latsopano, ntchito, nyumba ndi achinyamata anayi oti aziwayang'anira: Urie, Shirazu, Mutsuki ndi Saiko. Ndiye taonani moyo wake. Amawaphikira chakudya chomwe iye mwini sangathe kulawa. Amavutika ndi Saiko wosafuna kudzuka, wongokhalira magemu kuchipinda, yemwe amamuitana ngati mayi ake. Amapirira mwano wa Urie. Arima, munthu yemwe anamuboola m'mutu, amamuona ngati bambo ake, mpaka kubwerekana mabuku. Kaneki anakula wamasiye, wosafunidwa kunyumba kwa azakhali ake, ndipo aka n'koyamba kuti thupi limenelo likhale ndi banja lodikira chakudya patebulo.

Komatu a CCG amamusunga ngati galu wosakira: amamudyetsa, amamusisita, koma akangoonetsa chiwewe lamulo lilipo kale loti athane naye ngati ghoul wina aliyense. Haise akudziwa zimenezi. Akudziwanso kuti m'mutu mwake muli wina wa tsitsi loyera amene akufuna thupi lake, ndipo winayo akadzuka, iye adzazimirira. Mundiuze, choopsa n'chiti pakati pa chilombo chokuthamangitsa mumdima ndi kudziwa kuti kukumbukira dzina lako lenileni ndiyo imfa yako?

Pali malo amodzi omwe ndimabwezabweza. Haise walowa m'kanyumba ka khofi kotchedwa :re, sakudziwa kuti mtsikana womupatsa kapu ndi Touka, mnzake wakale. Walawa khofi, misozi yangoyamba kutsika, chifukwa chake sakuchidziwa. Touka wamuzindikira, koma sanamutchule dzina, wangomwetulira mwachisoni. Anaona kuti munthuyo wapeza mtendere ndipo sanafune kumulanda. Anzanga ofuna Kaneki wandewu, Touka amene ankamukonda anasankha kumusiya, inu mukumuthamangitsiranji?

Za Hinami ndiye zimandithyola mtima. Kamtsikana ka ghoul kaja Kaneki ankakaphunzitsa kuwerenga, kaja mayi ake anaphedwa ndi a CCG, kakula. Pa tsiku la msika wogulitsa anthu, akudziika pakati kuti ateteze Haise, chonsecho akudziwa kuti munthuyo wavala chikhoti cha adani ndipo sakumukumbukira. Haise, pofuna kuti Hinami asaphedwe pomwepo, akumumanga yekha n'kumupititsa kundende ya Cochlea, komwe akumakamuona atanyamula mabuku. Chifundo chake chonse chathera pa kumanga munthu amene wamupulumutsa.

Ndiye pali Shirazu, mnyamata wa mano osongoka, wolowa ntchito yoopsayi kuti apeze ndalama zolipirira mchemwali wake wodwala kuchipatala. Atapha ghoul wotchedwa Nutcracker, anamva mawu ake omaliza, oti ankangofuna kukhala wokongola, ndipo chida chomwe a CCG anapanga kuchokera m'thupi la mkaziyo chinkamunjenjemeretsa kuchigwira. Shirazu akufa pa nkhondo yothetsa banja la ma ghoul la a Tsukiyama, usiku womwewo Kaneki akudzuka padenga la nyumbayo. Urie akulira mnzake n'kufunsa kuti mkulu wawo anali kuti, ndipo yankho lomwe akulandira n'louma gwa, lomubwezera mlandu iye mwini chifukwa chochepa mphamvu. Haise sakanayankha mwana wake motero. Apa ndi pomwe ambiri anaomba m'manja kuti ngwazi yabwerera. Ine ndinangoti kakasi.

Dandaulo langa lili kwa a Pierrot. Choyamba, mu 2015 anatulutsa √A, gawo lachiwiri la animeyu, yomwe inapatuka pa manga n'kumulowetsa Kaneki m'gulu la ma ghoul olimbana ndi CCG la Aogiri, kenaka mu 2018 :re inabwerera kutsata manga ngati kupatukako sikunachitike. Woonera anime yokha amangosokonezeka. Chachiwiri, manga ya :re ili ndi machaputala 179, koma anaipanikiza m'zigawo 24. Zigawo 12 zoyamba zinapeza mpata wopuma, n'chifukwa chake Haise tinamudziwa bwino. Zigawo 12 zomaliza zinameza machaputala oposa 100, anthu akufa usanadziwe n'komwe mayina awo, ukwati wa Kaneki ndi Touka ukudutsa ngati chilengezo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti chisoni cha ana otsala aja, Saiko wosowa womudzutsa ndi Mutsuki amene kusiyidwako kunamupengetsa, sichinapatsidwe nthawi yoti tichimve.

Ngati bandulo yanu ndi yokwana zigawo 12 zokha, onerani zoyambazo mosathamanga, Haise mumupatse mpata. Zotsalazo mukawerenge manga kuyambira chaputala 59.