Musagule headset ya VR pongoona magalamu olembedwa pa bokosi

Anzanga osewera magemu kuno ku Lusaka, nkhani yosintha headset ya VR (chipangizo chovala kumaso choonera magemu ngati muli momwemo) yakula m'magulu athu, ndipo ambiri akusaka yopepuka chifukwa Quest 2 ikuwapweteka khosi ndi masaya. Maganizo anga ndi akuti magalamu olembedwa pa bokosi akusocheretsa anthu. Chimene chimatopetsa mutu kwenikweni ndi pamene kulemerako kwakhala, komanso mtunda umene kwatalikira kuchoka pa nkhope.

Taonani manambala. Quest 2, imene inatuluka mu 2020, imalemera magalamu 503. Quest 3 ya mu 2023 imalemera magalamu 515, kutanthauza kuti ndi yolemera kuposa yakaleyo. Koma ambiri ovala zonse ziwiri amamva kuti Quest 3 ndiyo yakhala bwino pa nkhope. Chinsinsi chili m'malensi. Quest 2 ili ndi malensi a Fresnel amene amafuna mpata waukulu pakati pa lensi ndi sikirini, ndiye bokosi lonse limatulukira kutsogolo ngati mlomo wa bakha. Quest 3 ili ndi malensi a pancake amene amabweza kuwala mkati mwake momwemo, bokosi n'kukhala lopyapyala, katundu n'kuyandikira mutu. Chidebe cha madzi chimene mwachikumbatira pachifuwa sichitopetsa ngati chomwecho mutachinyamula mkono uli wotambasula. Khosi nalonso limamva chimodzimodzi.

N'chifukwa chake ndikuti amene akuchoka pa Quest 2 kupita pa Quest 3S chifukwa cha khosi akutaya ndalama. Quest 3S, ya mu 2024, ili ndi purosesa yofanana ndi ya Quest 3 ndipo magemu atsopano amathamanga bwino, zimenezo n'zoona, koma malensi ake ndi a Fresnel omwe aja ndipo imalemera magalamu 514. Pa nkhope mudzamva zomwezo zimene mukuthawa.

Musanagule chilichonse, yambani ndi lamba. Lamba wansalu amene amabwera ndi Quest amagwira headset poifinyira pa nkhope, ndiye mukamumanga kwambiri kuti chithunzi chisagwedezeke, masaya ndi mphumi ndiwo amasenza zonse. Lamba wolimba wokhala ndi kagudumu komangira kumbuyo amasamutsira katundu pamwamba pa mutu ndi pankhongo. Wokhala ndi batire kumbuyo ndiye wabwino koposa: amawonjezera magalamu, inde, koma amalinganiza kutsogolo ndi kumbuyo, mutu n'kusiya kuweramira pansi. Kavalidwe kakenso n'kofunika. Masulani zonse kaye, ikani headset pa maso mpaka chithunzi chioneke bwino, tsitsirani mbali ya kumbuyo pansi pa fupa la nkhongo, kokani lamba wa pamwamba mpaka mumve kuti masaya apepukidwa, kenako mumalize ndi kagudumu, pang'ono chabe. Ambiri amayamba ndi kagudumuko, lamba wa pamwamba n'kumangolendewera osagwira ntchito.

Mutu ukamapweteka kuseri kwa maso, nthawi zambiri vuto si kulemera ayi, koma mpata wa pakati pa malensi sukugwirizana ndi wa pakati pa maso anu, chimene amati IPD. Quest 2 ili ndi malo atatu okha: mamilimita 58, 63 ndi 68. Quest 3 ili ndi kagudumu kosuntha malensi pang'onopang'ono mpaka agwirizane ndi maso. Dziyezeni ndi rula pa galasi, kapena mufunse kumene mumayezetsa maso akuuzeni nambala yanu.

Tsopano za headset zopepuka zenizeni. Bigscreen Beyond, ya mu 2023, imalemera magalamu 127, ndipo Beyond 2 ndi magalamu 107. Mukaiyerekeza ndi headset ya Valve Index ya magalamu 809, kusiyanako n'kwakukulu kwabasi, ndipo masikirini a Beyond a micro-OLED amaonetsa mdima wakuda bii umene LCD singathe. Kwa wosewera magemu a mpikisano wa magalimoto kapena oyendetsa ndege, amene amakhala pampando maola atatu, palibe chokoma ngati chimenechi. Koma yapepuka chifukwa achotsamo batire, purosesa, masipika ndi makamera oonera chipinda. Zonsezo mudzazigula padera. Pamafunika kompyuta yamphamvu yokhala ndi DisplayPort yochokera pa graphics card penipeni, ma base station a SteamVR awiri (timabokosi tothandiza headset kudziwa pamene ili m'chipinda) oikidwa m'makona oyang'anizana pamwamba kuposa mutu wanu, ma controller, ndi zomvera m'makutu. Pa laputopu m'pamene anthu amalirira kwambiri: malaputopu ambiri doko lawo la USB-C limadutsira pa graphics yaing'ono ya mu purosesa, ndiye headset siyaka ngakhale makinawo ali ndi khadi la Nvidia mkati. Fufuzani zimenezi musanatumize ndalama.

Palinso china chokhudza mmene timakhalira m'nyumba zathu. Beyond yoyamba imapangidwira nkhope ya munthu mmodzi: mumajambula nkhope yanu ndi iPhone ya Face ID, opanga ake n'kuumba kapilo kogwirizana ndi inu nokha, ndipo IPD yake sisuntha. Mng'ono wanu kapena mlamu akabwera Loweruka, sangaivale bwinobwino. Kuigulitsanso n'kovuta. Wovala magalasi a maso alibe mpata mkatimo, ayenera kuitanitsa malensi ake apadera.

Kenako magetsi. Tonse tikukumbuka 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, makomboni ndi mayadi omwe kukhala maola ochuluka mumdima. Headset yodalira kompyuta imazima pamodzi ndi magetsi, ndipo ma base station nawo amafuna soketi iliyonse yake. Ka UPS kakang'ono, kabatire kogwirizira kompyuta magetsi akathima, kamangokupatsani mphindi zozimitsira kompyuta bwino, osati zosewera. Quest 3 ili ndi batire lake la maola pafupifupi awiri, ndipo power bank ya 10,000 mAh yotulutsa ma watt 18 kapena kuposa imawonjezera nthawi kwambiri. Ikakhala yofooka kuposa pamenepo, batire limapitirira kutsika ngakhale chingwe chili cholumikizidwa. Chenjezo limodzi: Quest imaona chipinda ndi makamera, ndiye mumdima imasochera, manja anu a mu gemu n'kumaundana m'malere. Nyale ya sola kapena yotchaja yowala bwino imathetsa vutolo. Ndipo magetsi athu ndi a 50 Hz, choncho chithunzi chikamanjenjemera pansi pa mababu ena, lowani mu zoikamo musinthe tracking frequency ikhale 50 Hz.

Wofuna magemu a pa kompyuta ngati Half-Life: Alyx pa Quest 3 safunika intaneti yothamanga, ndipo pano anthu ambiri amasokonezeka. Chithunzi chimayenda m'nyumba mwanu momwemo, kuchoka pa kompyuta kupita pa rauta kukafika pa headset. Lumikizani kompyuta pa rauta ndi chingwe cha ethernet, headset ikhale yokha pa 5 GHz, rauta ikhale m'chipinda chomwe mukuseweramo. Ka MiFi ka m'thumba sikangakwanitse ntchito imeneyi. Zikavuta, chingwe cha USB 3 cha mamita 5 chimagwira ntchito mosavuta. Data imadyeka makamaka potsitsa magemu ndi ma update.

Amene ali kale ndi PS5, headset ya PS VR2 ndi njira yowongoka: chingwe chimodzi, sikirini ya OLED, ndipo ngakhale imalemera magalamu pafupifupi 560, lamba wake wozungulira mutu amasenzetsa mphumi osati masaya. Koma si yopepuka, ndipo nayo imafa magetsi akathima.

Zambiri mwa zipangizozi zimafika kuno m'zikwama za anthu kapena poitanitsa kunja, choncho chikawonongeka kubweza n'kovuta. Mukamagula yogwiritsidwapo kale, kaya m'tauni kaya pa Facebook, ivaleni kaye musanalipire. Tsegulani chithunzi choyera muone ngati pali madontho achikasu kapena akuda osasuntha. Amenewo ndi mabala a dzuwa: malensi amasonkhanitsa kuwala ngati galasi loyatsira moto, ndipo dzuwa la pa windo limaotcha sikirini mosakhalitsa, osakonzekanso. Yang'anani mikwingwirima pa malensi, siyani timitengo ta ma controller osatigwira muone ngati munthu wa mu gemu akuyenda yekha, ndipo wogulitsa achite factory reset, kufufuta zake zonse za m'menemo, inu mukuona.

Kutentha kwa October kukafika, kapilo ka siponji kamamwa thukuta n'kuyamba kununkha, makamaka ngati headset ikuzungulira anthu anayi. Gulani chophimba cha silicone kapena cha chikopa chopukutika, yatsani fani yoloza pamene mwaima, ndipo malensi muzipukuta ndi kansalu kouma ka microfibre kokha, mutauzira kaye fumbi, chifukwa fumbi la nyengo ya mphepo ya August ndilo limakanda. Sipiriti musayerekeze, imawononga utoto wa pa lensi.

Ndiye kwa wokhala ku Chilenje kapena Kabwata amene ali ndi Quest 2 ndipo khosi lokha ndilo vuto, ndikuti agule lamba wa batire kaye. Wofunanso chithunzi chakuthwa apite pa Quest 3, ndalama ya lamba ataiwerengera pamtengo. Beyond ndi ya munthu amene ali kale ndi desktop yamphamvu, inverter yokhoza kuinyamula, chipinda cha mamita 2 kwa 1.5 chopanda magalasi aakulu osokoneza ma base station, ndipo akudziwa kuti adzasewera yekha.