Basi ndi yaulere, koma pogona mpomwe pali nkhani

Abale anga kumudziko, chonde lekani kundiimbira m'bandakucha mukangoona chithunzi changa ndili pa mlatho wa Pont Adolphe. Kuima pa mlatho salipiritsa. Inde ndili ku Luxembourg, kadziko kozunguliridwa ndi maiko ena ngati kwathu komweko, kochepa moti boma la Lilongwe lokha likukaposa. Inde kuno mabanki ndi mbwee, makamaka ku Kirchberg komwe kulinso khoti lalikulu la European Union. Koma ine ndimatsuka mbale kukhitchini ya lesitilanti ina, ndipo mabankiwo ndimangowaonera pawindo la tram, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda.

Mumati ndikudya bwino chifukwa Lamulungu lililonse ndimakhala kwina. Sabata ino ku Vianden, pa chinyumba chakale cha mafumu chomwe chili pamwamba pa phiri, sabata inayo ku Echternach, tauni yakale kuposa onse kuno. Chinsinsi chake n'chakuti kuyambira mu 2020 basi, sitima ndi tram anthu amakwera ulere dziko lonse. Ndimayendayenda chifukwa kuchipinda kwanga kulibe pokhala. Ndikatambasula manja ndimagunda makoma onse awiri.

Kachipindako kali ku Esch-sur-Alzette, mzinda wachiwiri, kum'mwera komwe kale ankakumba miyala ya chitsulo. Kamandidyera pafupifupi theka la malipiro, bafa timagawana anthu anayi, ndipo mwini nyumba chipangizo chotenthetsa m'nyumba chikafa m'nyengo yozizira foni sayankha. Tsiku la lendi lokha ndiye sadwala.

Chondiwawa zedi ndi ichi. Anthu oposa 200,000 amalowa kuno kudzagwira ntchito kuchokera ku France, Belgium ndi Germany, madzulo n'kubwerera kukagona ku Thionville, Arlon kapena Trier komwe nyumba ndi zotchipirako. Ine sindingachite zimenezo, chiphaso changa chimafuna ndizigona muno momwemo. Ndinapitako ku Schengen, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Moselle komwe mu 1985 anasainira pangano lotsegula malire pakati pa maiko ena a ku Ulaya. Ndinaima m'mphepete mwa madzi, Germany ili tsidya apo, France chapafupi pomwepa. Kuwoloka kukamwa tiyi amandilola, koma kukachita lendi ayi.

Za chilankhulo musandifunse n'komwe. M'mawa ndi "Moien", moni wa m'chilankhulo cha kuno, bwana amandikalipira m'Chifalansa, nyuzipepala zambiri ndi za Chijeremani, anzanga apantchito amandijeda m'Chipwitikizi. Chingerezi chomwe ndinkanyadira ku sekondale chimangothandiza kulozera alendo njira ya ku mapanga a Bock, ngalande zakale za asilikali zokumbidwa m'thanthwe mumzinda wa Luxembourg.

Achimwene, uthenga wanu wa feteleza ndauona, ndipo wa malata a alamu ndauonanso. Dikirani ndilipire kaye chipinda pa 1, zotsalazo tidzakambirana.