Mukamulanga, waphunzirapo chiyani?

Maganizo anga ndi awa: mukamaliza kulanga mwana, mtima wake utakhala pansi, mufunseni kuti, "Zikadzachitikanso, udzatani?" Akasowa choyankha, dziwani kuti wamva kuwawa kapena wachita mantha, koma palibe chimene watolapo. Mawa adzabwereza, kungoti adzayamba wayang'ana kaye ngati mukumuona.

Chikwapu timachikhulupirira chifukwa chimagwira ntchito pompopompo, mwana amasiyadi. Vuto lake sichimuuza choyenera kuchita. Mu 2016, akatswiri ofufuza Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor anaunikanso kafukufuku wa zaka 50 wokhudza ana oposa 160,000. Sanapeze umboni wakuti kumenya kumakonza khalidwe. Chimene anapeza n'chakuti ana omenyedwa nthawi zambiri amakhala aukali, osamva, ndiponso otalikirana ndi makolo awo. Mu 2018 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linalangiza makolo kusiya kumenya komanso mawu onyoza. Chifukwa chake sichovuta kumva: mwana amene ali ndi mantha maganizo ake onse amakhala pa dzanja lanu, osati pa mawu anu. Komanso mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imakhwima pang'onopang'ono mpaka munthu atapitirira zaka 20. Wa zaka 3 amene wagwiranso chimene mwamuletsa posachedwapa sikuti akukudererani nthawi zonse. Mabuleki ake sanalimbe.

Sindikunena kuti mwana azilekereredwa, ayi. Kulekerera nakonso kumawononga. Ndikunena kuti chilango chikhale ndi phunziro mkati mwake.

Zambiri zimalakwika chilango chisanafike n'komwe, pa kalankhulidwe. Kukuwa muli chipinda china si kupereka lamulo. Pitani pamene ali, tsikani mufanane naye msinkhu, mutchule dzina lake, munene chinthu chimodzi chokha. Ndipo munene chimene mukufuna achite. "Usathamange" amamusiya mwana wamng'ono osadziwa kolowera, pamene "yenda pang'onopang'ono" amamupatsa chochita. Mukatero khalani chete masekondi 5 mpaka 10, mawuwo alowe. Akapanda kuchita, chenjezo ndi limodzi: "Ukaponyanso mpirawu m'nyumba, ndiusunga mpaka mawa." Waponyanso? Tengani mpirawo osakalipa, osayamba ulaliki. Kholo limene limachenjeza kasanu limaphunzitsa mwana kuti machenjezo anayi oyamba ndi mphepo chabe.

Tsono chilangocho chigwirizane ndi cholakwacho. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Watayira madzi pansi mwadala, mupatseni nsanza apukute. Wajambula pakhoma, atenge madzi ndi sopo atsuke, inu mukumuthandiza ngati ndi wamng'ono, kenako mumuonetse pepala kuti pojambula ndi apa. Wang'amba buku la mnzake, alimate yekha, akalibweze yekha, akapepese ndi pakamwa pake. Wabwera mochedwa ndi theka la ola kuchokera kosewera, mawa abwere theka la ola nthawi isanakwane. Pa zonsezi mwana akuona ndi maso ake kuti chimene wachita chili ndi zotsatira, ndipo akuphunzira kukonza chimene wawononga. Yerekezani ndi kumuletsa kuonera TV chifukwa watayira madzi: zinthu ziwirizi sizikumana paliponse, choncho chimene chimatsala mumtima mwake ndi mkwiyo basi.

Chikhalenso chachifupi. "Mwezi wathunthu osagwira foni" chimamveka champhamvu, koma sichifika patali. Pakatha masiku atatu kholo latopa, labweza foniyo, mwana wadziwa kuti mawu anu satha mtunda. Mukalimbikira mpaka mwezi, sabata yachiwiri akalakwanso mulibe china chomulanda. Tsiku limodzi kapena awiri zimene mwakwaniritsadi zimaposa mwezi wongoopseza.

Pali zinthu zimene siziyenera kukhala chilango ngakhale mutakwiya bwanji: chakudya, tulo, sukulu ndi chikondi chanu. Musalangenso mwana ndi kuwerenga kapena kulemba. Mukamukhazika pansi kuti awerenge masamba khumi chifukwa watukwana, mwamuphunzitsa kuti buku ndi chinthu chowawa.

Kukhazika mwana payekha kwa kanthawi kumathandiza kuyambira zaka 2 kapena 3 mpaka cha m'ma 7, makamaka akamenya kapena kuluma mnzake. Muyezo wake ndi mphindi imodzi pa chaka chilichonse, kotero wa zaka 4 akhale mphindi 4. Malo ake akhale owala, opanda zidole, pamene inu mukumuona. Chipinda chamdima kapena chokhoma ndi nkhanza, si mwambo. Nenani chifukwa chake mwachidule, "Wamenya, khala apa," kenako musalankhulenso. Akadzuka mubwezeni mwakachetechete, ngakhale kakhumi. Nthawi ikakwana, kambiranani pang'ono, muyeserere limodzi kupempha chidole ndi mawu, ndipo ngati panali ntchito imene anakana, abwerere akaichite. Ambiri amaiwala mbali yomalizayi, mwana n'kuzindikira kuti kukhala pampando ndi njira yothawira ntchito.

Yembekezerani kuti zinthu ziyamba zaipa zisanakhale bwino. Mwana amene anazolowera kulira n'kupatsidwa, tsiku limene mwakana adzalira mokweza, adzadzigwetsa pansi, adzagubuduka. Si chizindikiro chakuti njirayo yalephera. Akuyesa ngati khomo lakale latsekekadi. Mukagonja kulira kutafika pachimake, mwamuphunzitsa kuti chinsinsi ndi kukweza mawu. Ngati mukudziwa kuti lero mulibe mphamvu zolimbana naye, bola kuvomera poyamba pomwe kusiyana ndi kugonja pakati. N'chimodzimodzi makolo akamasiyana mawu, bambo waletsa, mayi walola. Kusemphana kwanuko kakambiraneni mwana kulibe.

Chimene ndimachiona chikusowa kwambiri ndi kuyamikira. Mwana amabwereza khalidwe limene limakopa maso a kholo. Ngati mumamuona pokhapokha akalakwa, adzalakwa kuti mumuone. "Ndiwe mwana wabwino" sakwanira, tchulani chimene wachita: "Ndaona wadikira mpaka mlongo wako wamaliza kulankhula, wachita bwino." Mupatseninso mphindi 10 tsiku lililonse zosewera naye chimene wasankha iye, foni ili kutali, opanda kumulangiza. Mwana amene sadziwa kukoma kokhala nanu, kumukhazika payekha sikumukhudza.

Khanda sililangidwa. Akagwira chinthu choopsa, chichotseni, mumupatse china. Kulira kwake kukakufikani pakhosi, mugonekeni chagada pamalo otetezeka, mutuluke kaye mupume. Musamugwedeze mwaukali, chifukwa zimenezi zimatha kutulutsa magazi mu ubongo, kulumaza kapena kupha.

Akafika zaka 12 kupita m'tsogolo, malamulo muzipangira limodzi zinthu zisanachitike: nthawi yofikira pakhomo, nthawi yosiya foni, ndi chimene chidzachitike pangano likasweka. Lembani ngati n'kotheka. Ndipo akabwera yekha kudzaulula cholakwa, chilango chichepe ndipo mumuuze kuti chachepa chifukwa wanena zoona. Mukalanga woulula mofanana ndi wogwidwa, ulendo wina adzabisa, ndipo pa msinkhu umenewu zimene amabisa zimakhala zija zofuna thandizo lanu mwamsanga.