Kusaka chuma chokwiririka: England, Scotland ndi Ireland sagwirizana

Amene mukukhala ku Britain mwawaonapo azibambo aja oyenda choweramira m'minda Loweruka m'mawa, mahedifoni kukhutu, akupukusa metal detector, makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi, ngati akusesa pabwalo. Kwathu tikaona makina amenewa timangoganiza za golide wa m'migodi. Iwowa amasaka zakale: ndalama za Aroma, mphete, mikanda ya anthu amene anafa kalekale. Koma kuti usake pati, ndipo ukapeza chikhale cha yani, zimasintha ukangowoloka malire.

Ku England ndi Wales nkhani yagona pa mwini malo, ndipo kulibe malo opanda mwini. Paki imene mumapitako ndi ana Lamlungu nthawi zambiri ndi ya khonsolo, ndipo kuloledwa kuyendamo sikutanthauza kuloledwa kukumbamo. Bwalo la sukulu nalo lili m'manja mwa khonsolo kapena amene akuyendetsa sukuluyo. Mlonda wapageti akakugwedezerani mutu musati mwapeza chilolezo. Ngakhale matope a m'mbali mwa mtsinje wa Thames ku London amafuna chiphaso cha Port of London Authority.

Mukapeza chinthu, lamulo la Treasure Act la 1996 limalowapo. Ngati si ndalama imodzi yokha, chapitirira zaka 300 ndipo chili ndi golide kapena siliva wosachepera 10 peresenti, mukanene kwa coroner, mkulu wa m'dera amene amagamula ngati chinthucho ndi chuma mwalamulo, pasanathe masiku 14. Nyumba yosungira zakale ikachifuna imalipira, ndipo wopeza ndi mwini munda amagawana. Ndi mmene zinayendera mu 2009 ku Staffordshire, pamene Terry Herbert anafukula golide wa ma Anglo-Saxon, anthu akale a ku England, m'munda wa Fred Johnson: mapaundi 3.285 miliyoni, theka uyu theka uyo. Amene anabisa chuma chimene anapeza pafupi ndi Leominster mu 2015, George Powell ndi Layton Davies, anakalowa m'ndende mu 2019. Zinthu wamba, monga batani lamkuwa, kunena kapena kusanena zili kwa inu.

Ku Scotland ndiye anthu amapusitsika. Lamulo la 2003 limalola munthu kuyenda pafupifupi paliponse, m'mapiri, m'nkhalango, m'mphepete mwa minda ya eni. Ena amati basi, tatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Ayi ndithu. Ufuluwo ndi woyenda, si wokumba, ndipo mabwalo a sukulu anawachotsamo mwachindunji. Chinanso, chakale chilichonse chopezeka pansi, kaya ndi golide kaya ndi mpeni wadzimbiri, ndi cha Mfumu, ndipo chiyenera kunenedwa ku Treasure Trove Unit, ofesi yoona za zakale zopezeka. Mphotho imapita kwa wopeza yekha. Mwini malo alibe gawo pokhapokha munapangana. Derek McLennan atapeza chuma cha nthawi ya ma Viking, ankhondo akale ochokera ku Scandinavia, ku Galloway mu 2014, National Museums Scotland inapereka mapaundi 1.98 miliyoni. Malowo anali a Church of Scotland, ndipo mu 2019 mpingowo unatengera nkhaniyo kukhoti kufuna gawo lake.

Apa ine ndimagawa pakati. Za kunena chilichonse, a Scotland analondola, chifukwa kansomali kopanda mtengo kangauze akatswiri kuti pamalopo panali mudzi. Koma kusiya mwini munda chimanjamanja n'kuputa mlandu dala. Munthu wakutsegulira geti, wakulola kuponda msipu wa nkhosa zake, ndiye udye wekha?

Ku Republic of Ireland anatseka chitseko kwambiri. Kusaka zakale ndi makinawa popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ndi mlandu, ngakhale pamunda wanu womwe, ndipo chakale chopanda mwini wodziwika ndi cha boma. Zinafika apa chifukwa cha Derrynaflan ku County Tipperary. Mu 1980 Michael Webb ndi mwana wake anafukula chikho chasiliva cha Misa ndi ziwiya zina pamalo pamene panali nyumba ya amonke, eni malo asanawalole. Anakana mphotho imene anapatsidwa, nkhani n'kukafika ku Supreme Court, imene mu 1987 inagamula kuti chumacho ndi cha boma. Chaka chomwecho lamulo lokhwimitsa za makinawa linatuluka. Chikhocho lero chili ku National Museum of Ireland ku Dublin.

Northern Ireland ili pakatikati: Treasure Act imagwira ntchito, koma kukumba posaka zakale kumafuna laisensi.

Ndiye m'bale wathu wa ku Liverpool amene amasaka mwamtendere pafamu ya mnzake, akakwera sitima yapamadzi kukaona abale ku Ireland, makinawo awasiye kunyumba.