Makilomita 70 a madzi pakati pa abale

Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pali zilumba zinayi zomwe zidatumphuka m'nyanja ndi mapiri amoto: Ngazidja, Ndzuwani, Mwali ndi Maore. Anthu ake ndi amodzi, malankhulidwe ndi apachibale, ambiri ndi Asilamu, ndipo akhala akukwatirana kuyambira kalekale. Koma zitatuzo ndi dziko la Comoros, pomwe Maore, yomwe ambiri timaidziwa kuti Mayotte, ndi France. France yeniyeni, ya ndalama ya euro.

Mu Disembala 1974 anthu a zilumba zonse zinayi adavota ngati akufuna ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa France. Mavoti onse ataphatikizidwa, ufulu udapambana kutalitali, koma ku Maore ambiri adakana. Apa France idati tiyeni tiwerenge chilumba chilichonse pachokha, ndiye idatsala nacho chimodzicho. Comoros idalengeza ufulu pa 6 Julayi 1975, tsiku lomwelo lomwe ifenso timakondwerera wathu. Patangotha mwezi, pulezidenti woyamba wa dzikolo, Ahmed Abdallah, adagwetsedwa. Mu 1978 Bob Denard, msilikali waganyu wa ku France, adamubwezeretsa pampando, mu 1989 Abdallah n'kuphedwa. Kulanda boma kudasanduka chizolowezi.

Ndiye ine sindingawaloze chala anthu a ku Maore. Munthu woona ziwawa tsidya lina, kwake kuli chipatala ndi malipiro, angavote bwanji? Mu 2009 adavotanso n'kusankha France, ndipo mu 2011 chilumbachi chidakhala chigawo chenicheni cha France.

Chomwe chimandiwawa ndi viza. Mu 1995 boma la Édouard Balladur, yemwe anali nduna yaikulu ya France, lidalamula kuti wochokera ku zilumba zitatu zija azikhala ndi viza polowa ku Maore. Kuchoka ku Ndzuwani ndi makilomita 70 okha. Ulendo wokaona azakhali, wokalira maliro, wokachira kuchipatala, udasanduka mlandu. Anthu adayamba kuwoloka usiku m'timaboti totchedwa kwasakwasa (inde, dzinali ndi la gule uja, poti timayenda mogwedezeka), tothithikana amayi oyembekezera ndi ana. Anthu masauzande amira m'madzi amenewa. Amene adajambula malirewo ali phee ku Paris, sadakwerepo kwasakwasa.

Ndipo owolokawo akafika sapeza mtendere. Amakhala m'zisakasa zamalata m'mapiri ozungulira Mamoudzou, likulu la Maore, maso ali kunjira kuopa apolisi. Namondwe Chido atawomba pa 14 Disembala 2024, yemwe uja adadzafikanso kuno atadutsa Mozambique, ambiri a iwo sadapite kumalo obisalirako. Ankaopa kuti akawagwira n'kuwabweza ku Ndzuwani. Adakhala m'malatamo, mphepo n'kuwapeza momwemo.