Sakanizani pamphasa, osati mumphika

Maganizo anga lero akupita kwa inu amene munakwatirana ndi munthu wa mtundu wina kapena wa chipembedzo china. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mabanja otere ndi ambiri. Mngoni wa ku Lizulu, Mchewa wa ku Linthipe ndi Myao wa kwa Tambala amagula pamsika umodzi, ndipo aphunzitsi ndi anamwino ochokera ku Karonga kapena ku Nkhata Bay amabwera kudzagwira ntchito n'kupeza banja konkuno. Chaka chonse zinthu zimayenda bwinobwino chifukwa m'nyumba mumakhala awiri ndi ana anu. Zimadzavuta pa Khrisimasi, pa Nyuwere kapena pa Idi, abale akuchimuna ndi akuchikazi akakumana pabwalo limodzi, apongozi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi nkhukuyi wazinga ndani?"

Funso limenelo likafunsidwa nkhuku itapsa kale, ndiye kuti mwachedwa.

Pali chimene munthu sadya chifukwa chikhulupiriro chake chimamuletsa, ndiye pali chimene sadya chifukwa sanakule nacho. Ambiri amaziika m'thumba limodzi, n'chifukwa chake amakangana pachabe. Choletsedwa sichikambirana, ndipo mawu akuti "ingolawani pang'ono, palibe akuona" ndi chipongwe. Chizolowezi chokha ndicho mungamachinyengerere pang'onopang'ono. Kutatsala sabata, inu awiri khalani pansi mutchule mlendo aliyense ndi chimene sadya. Msilamu sadya nkhumba, mbewa, magazi ndi nyama yofa yokha, ndipo samwa mowa. Wa Seventh Day sadya nkhumba, mbewa, kalulu ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba, ndipo chikondwerero chikagwera Loweruka ambiri amafuna kuti zophika zikuluzikulu zithe Lachisanu dzuwa lisanalowe. A Mboni za Yehova sadya magazi, komanso sakondwerera Khrisimasi, choncho aitaneni tsiku lina wamba mudzadye nawo. Akatolika sadya nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Mbali inayo nayonso ilemekezedwe: alipo Akhristu amene safuna kudya nyama ya Idi ya nsembe. Ameneyo mpatseni nyemba kapena nsomba mwakachetechete, musamutsegulire mtsutso wa malemba pamphasa.

Nkhani ya nyama ndiyo yosavuta kuposa zonse, ngakhale ndiyo imaphwanya maubale. Ngati pali Msilamu ngakhale mmodzi, mbuzi ndi nkhuku zonse azinge Msilamu. Mpeni ukhale wakuthwa, atchule dzina la Mulungu, adule pakhosi magazi atuluke onse. Mkhristu akadya nyama imeneyo sataya kanthu, koma Msilamu sangadye nkhuku yopotokola khosi kapena mbuzi imene mnyamata wangoigwetsa kuseri kwa khola. Mukanena kuti "tizinga ziwiri, ina yawo ina yathu" mwadzipatsa ntchito yolondera miphika tsiku lonse, ndipo mwana mmodzi wotumidwa kukatenga chipande amasokoneza zonse.

Angoni tikapha mbuzi kapena ng'ombe timatchera beseni magazi kuti tiphike uwende. Ndi chakudya chathu, sindikuchinyoza. Koma patsiku ngati limeneli, amalume akaumirira uwende wawo, uphikidwe pa mafuwa ena, mumphika wina, ndi mthiko wake, ndipo udyedwe kwina. N'chimodzimodzinso nkhumba, ngakhale ine ndinganene kuti tsiku limodzi lokha nkhumba isafike pakhomo. Mphika wadothi ndi mthiko wamtengo zimamwa mafuta, kutsuka ndi phulusa sikuchotsa kukayika mumtima wa mlendo. Banja losakanikirana ligule mapoto awiri, mthiko, chipande ndi mpeni zimene sizidzakhudza nkhumba mpaka kale, ndipo zimangidwe kachingwe pachogwirira kuti ngakhale mwana azizindikira. Samalaninso ndi tchipisi cha pachiwaya cha kumsika, chifukwa ena amakazingira mbatatesi m'mafuta omwe akazingiramo nkhumba. Mbatatesi ya ku Tsangano ndi ku Bembeke ili ponseponse, kazingani nokha kunyumba.

Tiwerengere anthu 15. Mbuzi yapakatikati yakumudzi ikasendedwa imatsala ndi nyama ya makilogalamu pafupifupi 10, pomwe anthu 15 akwana ndi makilogalamu 3 ngati palinso nkhuku ziwiri ndi nyemba. Yotsalayo gawani isanagone, mwendo kuchimuna, mwendo kuchikazi, mofanana, chifukwa December ndi wotentha ndi wachinyezi, ndipo magetsi sawadalira. Nkhuku ya lokolo imafuna ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri, yachizungu mphindi 35 kapena 40 basi. Mukaziika mumphika umodzi, ina imasanduka phala ina ikadali ngati chikopa. Ndipo nthutumba musaitaye m'msuzi mwachisawawa. Kwathu kuno imapita kwa mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka, tsono pakakhala apongozi aamuna awiri phani nkhuku ziwiri, aliyense apeze nthutumba m'mbale yake. Zikuoneka zazing'ono, koma akuluakulu amaziwerenga.

Tsopano pa zakudya zachizolowezi, apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ambiri. Ena amaganiza kuti kusonyeza umodzi ndi kuphatikiza zonse mumphika umodzi: ufa woyera theka, wachinangwa theka, kuti Mtonga ndi Mngoni onse akondwe. Chimene chimatuluka ndi nsima imene Mtonga akuti si kondowole, Mngoni akuti yanata, onse n'kuisiya. Kusakaniza ufa kuli ndi malo ake, masiku wamba pamene mukuzolowetsa ana: chipande chimodzi cha ufa wachinangwa pa zipande zitatu za ufa woyera, wachinangwawo n'kuuthira kumapeto povundula. Patsiku lachikondwerero aliyense aone chakudya cha kwawo chili chenicheni, chophikidwa ndi munthu amene amachidziwa. Wina akafuna kulawa atambasule dzanja yekha.

Kondowole saphika ngati nsima yachimanga, ndipo akamwini ndi atengwa ambiri amachita manyazi pamenepa. Palibe kuyamba ndi phala. Madzi awire kwambiri, mutungeko ena pambali, muphule poto, muthire ufa wosefa wambiri nthawi imodzi n'kuvundula mwamphamvu, poto mutaipana ndi mapazi kapena wina ataigwira. Ikalimba kwambiri onjezani madzi otentha aja pang'ono. Mukathira ufa m'madzi ongofunda mumapeza timibulu ndi fungo laufa wauwisi. Ikhale yomalizira kuphikidwa, anthu atasamba kale m'manja, chifukwa ikazizira imakhala ngati mphira ndipo kuno kumazizira msanga. Ufawo ugulidwe kwa anthu odziwa kuviika. Chinangwa chowawa chimene sichinaviikidwe masiku okwanira chimapweteka mutu, kusanzitsa, ngakhale kupha kumene. Ndiwo yake ndi nsomba ya msuzi wochuluka. Usipa kapena chambo cha ku Mtakataka ndi ku Golomoti chimakwera phiri tsiku lomwelo. Achikulire ena achingoni sakonda nsomba, popeza makolo awo akale sankadya, tsono musawadabwe akatambasulira dzanja ku mbuzi yokha.

Wa ku Karonga akatchula chikondwerero amaganiza za mbalagha, nthochi zaziwisi zophikira limodzi ndi nyama. Nthochi zikhale zokhwima koma zobiriwira. Posenda dzolani mafuta ophikira m'manja ndi pampeni kuti utomoni usamate, ndipo yosendedwa iponyeni m'madzi nthawi yomweyo isade. Nyama iyambe yafewa payokha ndi anyezi ndi tomato, kenako nthochi zilowe kwa mphindi 20 kapena 25, msuzi utangofika pamwamba pake. Musatakase ndi mthiko, ingogwedezani poto. Nthochi imodzi yoyamba kupsa ikalowamo imatsekemeretsa mphika wonse, ndipo Mnkhonde adzadziwa pa kulawa koyamba.

Mpunga ndiwo umagwirizanitsa aliyense, koma kuno umavuta kuphika kuposa kunyanja, ndipo anthu amangonamizira wophika. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo pamalo okwera chonchi madzi amawira asanatenthe kwambiri, pafupifupi madigiri 95 m'malo mwa 100. Mlamu wochokera ku Nkhotakota kapena ku Karonga akaphika ndi muyeso wa kwawo, mpunga umauma madzi pakati usanapse. Kwa anthu 15 tengani makilogalamu 2 a Kilombero, musankhe timiyala, mutsuke kawiri kapena katatu. Kapu imodzi ya mpunga ifuna makapu awiri a madzi, ndipo kuno onjezani kapu imodzi pa mphika wonsewo. Madzi akatsala pang'ono kuuma chotsani nkhuni, musiye makala ochepa pansi, ena muike pachivundikiro, mudikire mphindi 15 osavundukula. Nyemba nazo n'chimodzimodzi: ziviikeni usiku wonse, apo ayi mutha mtolo wa nkhuni. Tomato alowe zitafewa kale, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa khungu la nyemba.

Mpunga wotsala musausunge m'poto wovundikira mpaka mawa kuti ana adzadye wozizira. Umenewo ndiwo umatsegula m'mimba tsiku lotsatira Khrisimasi, kenako anthu n'kumanena kuti akuchimuna anatithira mankhwala.

Thobwa ndi malo ena amene anthu amapunthwa osadziwa. Aliyense amaganiza kuti thobwa si mowa, ndipo n'zoona tsiku loyamba ndi lachiwiri. Pa ndowa ya malita 20 phikani phala la mgaiwa wa makilogalamu 2, mulisiye lizizire mpaka chala chizitha kupirira, ndiye muthire kilogalamu imodzi ya chimera cha mawere kapena chachimanga. Mukathira chimera phala likadali lobwata mumachipha mphamvu, thobwa silitsekemera ndipo mumathera shuga pachabe. Likasungunuka n'kuyamba kutsekemera, liwiritseninso bwinobwino. Kuwiritsa kachiwiriko ndiko kumachedwetsa kusasa. M'nyengo yotentha, likafika tsiku lachitatu limayamba thovu ndi kuluma lilime, ndipo pamenepo Msilamu, wa Seventh Day ndi Mkhristu wosamwa sangalikhudze. Fululani dzulo lake, mu ndowa imene sinasungepo masese. Akumwa mowa weniweni, ndipo ku Ntcheu sitingabise kuti alipo, apatsidwe malo awo pansi pa mtengo chakudya chitatha. Chipanda chisayende pamphasa yodyera.

Chikondwerero cha mnzanu chipatseni kulemera kofanana ndi chanu. Sizikhala bwino kuti pa Khrisimasi pafe mbuzi, koma Idi idutse ngati Lachiwiri wamba. Mwezi wa Ramadan umakhala wa masiku 29 kapena 30, ndipo chaka chilichonse umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11, choncho musaganize kuti udzagwa nyengo imene unagwa chaka chatha. Nthawi zina umagwa mbatata ili mbwee, nthawi zina m'miyezi yanjala. Wosasala m'nyumbamo aphunzire kuphika futali, chakudya chimene ambiri amamasulira nacho dzuwa likalowa. Mbatata makilogalamu 2, yosenda ndi kuduladula, iwire ndi madzi ochepa ndi kamchere. Ikatsala pang'ono kufewa, madzi atatsala pansi pokha, wazani makapu awiri a nsinjiro pamwamba, vundikirani, chepetsani moto, mudikire mphindi 10 musanatakase. Nsinjiro ikalowa msanga imakhala pansi n'kupserera, ndipo fungo lake silichoka. Mtedza usankhidwe, wachuku ndi wonyala utayidwe. Mbatata ikasowa, chinangwa chozuna kapena dzungu zimagwira ntchito yomweyo. Ndipo ngati inu simukusala, kudya masana si mlandu, koma kukazinga anyezi 12 koloko mnzanu ali ndi ludzu ndi kusaganiza.

Tsabola asalowe mumphika waukulu. Kambuzi asinjidwe ndi anyezi, mchere ndi madzi a ndimu, aikidwe m'kambale payekha. Mchere nawo uli ndi nkhani yake. Agogo ambiri achichewa ndi achingoni amasungabe mwambo wa mdulo, woti mayi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo. Mtengwa amene sakhulupirira zimenezi sayenera kuchita kulalikira kukhitchini. Kuitana mwana kuti, "Iwe, bwera udzathire mchere," kumatenga mphindi imodzi, ndipo agogo adya mtima uli m'malo.

Kakhalidwe ka podyera kambiranani kusanache. Kumudzi kuno abambo amadya paokha, amayi ndi ana paokha, ndipo mkamwini sadyera mbale imodzi ndi apongozi ake aakazi. Banja la m'tauni limene linazolowera kukhala patebulo limodzi, aliyense n'kumadzigawira, limaona ngati likusalidwa, pomwe akumudzi akaikidwa patebulo moyang'anizana ndi mkamwini amangotsina pang'ono n'kunena kuti akhuta. Yalani mphasa ziwiri ndi tebulo limodzi, muike mbale zofanana ponseponse, anthu asankhe okha pokhala. Madzi osamba m'manja ayambire kwa wamkulu, othirira ndi jagi, osati onse kuviika m'beseni limodzi, makamaka nyengo yamvula, pamene kolera amafala. Pemphero likhale lalifupi, ndipo mugwirizane kale amene adzapemphere. Mabanja ena amasiya kamphindi kuti aliyense apemphere chamumtima, ndipo palibe amene amadandaula.

Chomaliza ndi cha inu abambo. Musasiye mkazi wanu yekha pakati pa amayi anu ndi alongo anu kuti afotokoze chifukwa chake kuli mapoto a zingwe. Ngati oletsedwa zakudya ndi abale ake, amene akawauze abale anu ndi inu, kutatsala masiku, ndi pakamwa panu: "Amayi, chaka chino nkhumba tiisiye, mbuzi adzazinga alamu anga." Mayi nawonso achite chimodzimodzi kwawo. Zikakanika, ankhoswe alipo, ntchito yawo sinathere pa chinkhoswe. Ndalama ya ndiwo ichokere mbali zonse ziwiri, ngakhale ena angobweretsa kabichi ndi tomato wa pa Lizulu, kuti pasakhale wonena kuti mbuzi ndi yake ndiye alamula kaphikidwe. Ndipo pa mbale zopatsira anthu popita kwawo, ya apongozi osadya magazi ilongedzedwe poyamba, uwende usanachoke kuseri kuja.